Azungu a pakhonde pathu

Amuna anga anali mphunzitsi, ndipo ntchito ndiyo inatibweretsa ku Chikwa. Kumeneko netiweki imachita kusakidwa pamwamba pa chulu. Choncho akapita ku boma ku Chama ankadzaza kamemori ka foni yawo ndi mapodikasiti, zokambirana zojambulidwa zonga za pa wailesi. Zawozo zinali za mafoni ndi makompyuta basi, m'Chingelezi chothamanga.

Ine sukulu ndinalekezera panjira, ndipo foni ndimadziwa kuyimba ndi kuyankha. Madzulo, iwo akuchonga makope pakhonde, ine ndikupeta mpunga, azungu atatu ankayamba kulongolola m'fonimo. Mayina awo sindinafunsepo, ndinawapatsa anga. Wina ndinkamutcha wachimfine, wina wamakani, ndipo mzimayi yekhayo anali woseka.

"Bambo a ana, azungu anuwa ntchito alibe kodi?" ndinkawafunsa. "Tsiku lonse kukangana za batire!"

"Khalani chete mumve, mayi," ankatero, n'kuimitsa foni kuti andimasulire.

Ndinayamba kuwakonda azunguwo osadziwa. Tsiku lina wamakani atasowa, ndinafunsa ngati wadwala, ndipo amuna anga anaseka mpaka kutsokomola. Popeza zatsopano zinkabwera mwa apo ndi apo, zomwezo tinkazibwereza mpaka kuziloweza. Ndinkadziwa pamene amuna anga aseke, pamene amenye tebulo n'kunena kuti "Bodza!", ndi pamene aimitse n'kundifunsa kuti, "Mwamva?"

Anadwala nthawi ya dzinja, misewu itaduka ndi madzi. Tinafika nawo kuchipatala cha ku boma mochedwa.

Anthu atabalalika pamaliro, nyumba inangoti zii. Ndinayatsa foni ija, wachimfine n'kuyamba moni wake wa masiku onse. Ndinalira, koma ndinapezako mpumulo. Mawu a amuna anga sanajambulidwemo, komabe pofika malo awo aja ndinkawamva bwinobwino akuti "Bodza!" Ndinkachita zimenezi madzulo alionse.

Kenako abale anabwera kudzagawa katundu wa malemu monga mwa mwambo. Malaya, nsapato ndi njinga zinapita, ine osadandaula. Maso anga anali pa foni. Mkazi wamasiye sapempha kanthu pa bwalo lotere, choncho ndinangowerama. Alamu anga, achimwene awo a malemu, ananena kuti foni itsale ndi ine. Ndinagwada kuwathokoza. Anangoti ayambe apita nayo ku boma akaikonzetse galasi losweka.

Anabwera nayo akumwetulira.

"Mlamu, galasi lakonzedwa. Komanso ndauza wa pamsika uja afufute Chizungu chonse chija, waikamo nyimbo za kwaya. Manje muzitonthozeka ndi mawu a Mulungu. Zija zikanakuthandizani chiyani pa chisoni?"

Ndinalandira ndi manja awiri. Ndikanati chiyani? Munthu anapalasa njinga mtunda wonsewo pondifunira zabwino. Ndinathokozanso, n'kupita kuseri kwa nkhokwe kukalira kumene sangandione. Tsiku limenelo linandiwawa kuposa tsiku loika maliro, ndipo sindichita manyazi kunena.

Mwana wanga wamkazi, amene ndi namwino ku boma, anayesa kundifunira azungu anga.

"Amama, dzina la pulogalamuyo ndi chiyani?"

"Muli wachimfine, wamakani ndi woseka."

Anandiyang'ana, sanaseke. Anandiyatsira ambirimbiri, ine ndikupukusa mutu. Sindinkadziwa kuti anthu okangana za batire ndi ochuluka chonchi padziko.

Mpaka lero amandiikira ena ndikapita ku boma, ndipo ndimamvera ndikupeta mpunga. Enawo ndawazolowera, ndipo pang'ono ndimatolako. Ndikudziwa kuti foni siifuna kusiyidwa padzuwa. Koma zatsopanozi amuna anga sanazimvepo, ndiye sindidziwa pamene akanaseka kapena kumenya tebulo. Azunguwo amangolankhula mpaka kumapeto, palibe woimitsa foni kundifunsa ngati ndamva.