Mapaso a Khitchini ya Amayi

Amayi anamwalira m'bandakucha, mwezi wa Okutobala, kwathu ku Chowe. Uthenga unandipeza ku Mangochi, kumene ndimasoka zovala pakhonde la sitolo ina chakwa Mponda. Ndinavundikira makina n'kukwera njinga yamoto. Pofika ndinapeza azimayi akusambitsa thupi m'nyumba, sanda, nsalu yokulungira thupi, itakonzedwa kale. Ife Asilamu sitigoneka maliro, ndipo a shehe anali atanena kuti tikaike ikangotha swala ya masana, pemphero lathu la kumzikiti.

Achimwene anga aakulu, amene anatsala pamudzi kumalima, anandikokera kuseri kwa nyumba ndisanakhale n'komwe pansi.

"Manda akukumba," anatero, "koma mitengo palibe."

Kwathu tikakumba manda timaboola kachipinda m'mbali mogonekamo thupi, kenako timatseka ndi mitengo yowongoka, yodulidwa mofanana, kuti dothi lisagwere munthu. Kale imeneyi sinali nkhani yoti akuluakulu n'kumanong'onezana. Poika bambo athu, anthu anangolowa m'phiri la kuseri kwa mudzi, ndipo okumba asanamalize, muwanga unali utafika wokwanira manda awiri. Phirilo linali lamdima ngakhale masana. Mitambo inkagona pamwamba pake, ndipo kamtsinje kotsika m'menemo kankaziziritsa mano chaka chonse.

Tinatenga zikwanje awirife n'kuyamba kukwera. Dzuwa linali litalusa kale. Kamtsinje kaja tinakaoloka osavula nsapato, munali mchenga wokhawokha. Kumtunda tinapeza zitsa, mphukira zoonda ngati chala, ndi zipsera zakuda pamene panali mauvuni a makala. Tinkati tikaona mtengo patali, tikafika n'kupeza ndi wokhota, kapena wofewa woti chiswe chingaumalize mwezi usanathe. Panalibe ngakhale mthunzi wopumirapo.

Pafupi ndi nsonga tinakumana ndi bambo wina wa m'mudzi mwathu momwemo, akuzula chitsa ndi khasu. Atationa anavula chipewa.

"Pepani ndi zovutazi. Ndimati ndikamaliza pano nditsike."

"Mitengo yowongoka yatsala kuti?" anafunsa achimwene.

"Kuno? Inetu mukundiona ndikuotcha zitsa."

Ndinkayembekeza kuti achimwene amukalipira, koma anangopukuta thukuta n'kutembenuka. Potsika anandiuza kuti, "Ndimukalipire chiyani? Chimanga chake chinapserera ngati changa. Ana ake adye miyala?" Simbi yanga yositira zovala za makasitomala imadya makala ochokera m'mapiri omwewa.

Tinafika pamudzi manja ali lende, swala ya masana itadutsa. Wina anati tidule mtengo umodzi wa kumanda, poti ndi kokhako kumene kunatsala msitu, koma akulu anakana. Wina anati titseke ndi lata. Achimwene anapukusa mutu, akuti lata likachita dzimbiri dothi lidzawagwera amayi kumaso. Anthu anali atakhala padzuwa kuyambira m'mawa, ndipo a shehe ankangoyang'ana kumwamba.

Pamenepo achemwali athu, amene ankasamala amayi pa matenda awo onse, anatuluka m'nyumba maso atatupa. Anatiitana, n'kuloza khitchini.

"Sasulani denga limenelo."

"Nanga inu muziphikira pati, achemwali?" ndinafunsa.

"Sasulani. Mayi anga asagone padzuwa chifukwa cha khitchini."

Mapaso a khitchiniyo anadula ndi bambo, ife tisanabadwe. Anali a muwanga, akuda bii ndi utsi, olimba moti chikwanje chinkadumpha. Tinakwera n'kuyamba kugwetsa udzu. Mwaye unkatigwera m'maso ndi m'kamwa, anthu onse a pamaliro akutiyang'ana chete. Pakati pa udzu tinapeza zikho ndi mipeni yakale imene amayi ankasomeka n'kuiwala. Achemwali ankatola chilichonse chogwa n'kumaika pansalu yawo.

Tinawaika amayi dzuwa litapendeka. Mitengo inakwanira ndendende. Ndinatsikira m'manda ndi achimwene kukaiyala, manja athu ali akuda, ndipo sanda yoyera ija inatsala ndi zidindo za zala zathu. Zinandipweteka, koma panalibe madzi osamba pafupi, ndipo anthu anali atatopa.

Pobwerera ku Mangochi ndinalonjeza kuti ndidzabweretsa mitengo ya bulugama tifolerenso khitchiniyo mvula isanagwe. Ndinazengereza, mvulanso inazengereza mpaka chaka chinatha. Itabwera, inabwera yonse tsiku limodzi. Madzi anatsika m'phiri lopanda kanthu lija ali ofiira, akugubuduza miyala. Zipupa za khitchini zinasungunuka mpaka pansi. Munda wa achimwene, umene uli m'munsi mwa kamtsinje, unakwiririka ndi mchenga wofika m'mawondo, atangobzala kumene chimanga.

Achemwali tsopano amaphikira pakhonde, atatchinga mphepo ndi thumba. Achimwene anayesa kufukula mizere ingapo, kenako analeka. Mwezi watha anabwera pakhonde langa losokera, anakhala pabenchi nthawi yaitali akuonera makina akuzungulira. Kenako anati akuganiza zopita ku Makanjira kukakoka nawo makoka a nsomba kunyanja. Ndi munthu wa imvi, ndipo chibadwire sanakwerepo bwato.

"Dikirani kaye, achimwene, tione mvula ya chaka chino," ndinatero.

Anandiyang'ana, n'kufunsa ngati ndingawasokere chigamba pa thalauza asananyamuke. Ndinawasokera.