Ndinakana Chinyanja ku Kilwa

Izi sindinauzepo ngakhale mkazi wanga. Nkhondo ya kwathu ili mkati, ofesi yathu ku Lichinga inanditumiza kumaphunziro ku Tanzania. Lamlungu lina ndinapita ndekha kukaona mabwinja a mzikiti wakale ku Kilwa. Chiswahili sindinkachidziwa, moti ngakhale madzi ndinkapempha ndi manja.

Nditapunthwa pamwala ndinakuwa, "Mayo ine!"

Bambo ena amene ankasesa pamalopo anaponya tsache pansi. "Achimwene, ndinu akwathu? Ndinasiya ana ku Chiuaula, ku Lichinga. Kuli bwanji?"

Ndinaopa, poti kucheza ndi othawa kwawo kunkachotsetsa munthu ntchito. Ndinapukusa mutu, n'kunena m'Chipwitikizi kuti sindikumva.

Anatola tsache lawo. "Pepani. Muyende bwino."

"Zikomo, bambo," pakamwa panga panayankha pokha.

Anangopitiriza kusesa. Mayina a anawo sindinafunse, chonsecho ku Chiuaula ndimadutsako tsiku lililonse.