Luni wa Apongozi pa Kapinga Wanga

Ndinayendetsa galimoto za mabwana kwa zaka zambiri, ndipo theka la ntchito imeneyi ndi kudikira. Umafika pageti ku Namiwawa kapena ku Sunnyside, bwana alowa m'nyumba kukatenga fayilo yomwe waiwala, iwe n'kutsala panja maso ali pa udzu. Anzanga pantchito ankasirira galimoto za eni ake, ena ankasirira zina zomwe sindinganene pano. Ine ndinkasirira kapinga. Wobiriwira, wometedwa bwino, wopanda kanthu kena kalikonse komerapo. Ndinalumbira kuti ndikadzakhala ndi bwalo langa, sipadzakhala zosesa fumbi m'mawa uliwonse ngati pagwa singano.

Titamanga ku Machinjiri, mkazi wanga ankafuna chimanga kutsogolo ndi kuseri komwe. Tinagwirizana monga amagwirizanirana anthu apabanja: iye anatenga kuseri konse ndi m'mbali monse, ine ndinapatsidwa kachigawo koyambira pakhonde kukafika pageti. Kapinga ndinkamuzula pang'onopang'ono m'mphepete mwa misewu n'kumabwera naye m'jumbo. Ndinabzala ndekha, chogwada, kamuzu kamodzikamodzi. Anthu odutsa ankaima n'kufunsa kuti ndikubzala chiyani. Ndikati udzu, ankaseka pang'ono n'kumadikira yankho lenileni.

Kapinga anagwira. Koma chaka chilichonse mvula ikangogwa, pakati pake pankamera bonongwe, chisoso ndi luni. Makamaka luni, wamtali, wamaluwa oyera, wodzimva ngati pabwalo ndi pake. Ndinkazula, iye n'kumera. Ndizulenso, amerenso. Amene wandipulumuka mkazi wanga ankamuthyola nsonga n'kuphika osanena kanthu, ndipo ine ndinkadya, poti kukwiya n'kwina, njala n'kwina.

Neba wanga wa kumanzere ndi aphunzitsi opuma pantchito. Kuphunzitsa sanasiye, anangosowa kalasi, ndiye kalasiyo ndi ine. Madzulo aliwonse timakumana pampanda, iwo mbali yawo, ine mbali yanga, n'kumakamba za zomera.

"Ndi mbalame zimenezo, neba," anatero tsiku lina nditawadandaulira za luni. "Apumbwa aja. Amadya njere kwina n'kudzadzithandiza kwanu."

"Nanga bwanji sadzithandiza kwanu?"

"Kwathu kulibe kapinga. Mbalame nayonso imafuna pabwino."

Aphunzitsi safuna kumva za mankhwala a m'sitolo. Nsabwe za pa mpiru amazithira phulusa, mbozi amazipopera madzi a masamba a nimu osakaniza ndi tsabola, nkhono amatola ndi manja n'kuponyera kwa neba wa mbali inayo. Amati ukathira mankhwala nyongolotsi zimafa, achule amasamuka, abuluzi amawonda, mapeto ake umatsala wekha ndi udzudzu. Pampanda pathu pankakhala nanzikambe wina yemwe akazi athu onse awiri ankamuopa, koma aphunzitsi ankamupatsa moni. Ndinkadziwa kuti chikondi chawo pa zolengedwa chili ndi chifukwa chinanso, chifukwa nkhuku zawo zimadya kwathu.

Mkazi wanga naye anali atanena kamodzi, ndipo iye sabwereza mawu: "Pamene timathyola ndiwo musadzathirepo mankhwala."

Apongozi anga, mayi a mkazi wanga, amakhala ku Chiradzulu. Ankabwera kamodzi pachaka, nthawi ya dzuwa mvula ikayandikira, kudzaonetsa miyendo kuchipatala. Pa zaka zonse za ukwati wathu ine ndi iwo sitinakanganepo, chifukwa kuti mukangane mumayenera kuyamba mwalankhulana. Kwathu mkamwini sayang'anana m'maso ndi apongozi, sadyera nawo pamodzi, mukakumana panjira wina amapatuka. Umenewo ndi ulemu. Koma ulemu wa apongozi anga unali wozizira mkati. Ndinatenga mwana wawo wamkazi mmodzi yekhayo n'kupita naye m'tauni osakhalako chikamwini ngakhale dzinja limodzi, ndipo iwo sanaiwale. Akafuna kundiuza kanthu ankauza mwana wawo, ine ndili pompo: "Uwauze awo kuti geti likulira." Sanandiwiritsirepo ngakhale madzi a tiyi. Ndinkachita ngati sizikundikhudza, koma zinkandiwawa. Ndi imvi zangazi ndinkafunabe kuti tsiku lina mayi amenewa adzandione ngati mwana wapakhomo.

Zaka ziwiri zapitazo tsiku lawo la kuchipatala linasunthidwa, ndiye anabwera mu Januwale, mvula ili mkati. Ine msana unali utandigwira kwa milungu ingapo, sindinazule kanthu, moti luni anafika m'mawondo. Ndikakhala pakhonde ndinkamuona akugwedezeka ndi mphepo, mtima n'kumawira. Sabata imeneyo ndinagula kabotolo ka mankhwala ku Limbe. Wogulitsayo anandilumbirira kuti amapha zamasamba zokhazokha, kapinga amamusiya. Kabotoloko ndinakabisa m'gambuti.

Lachinayi masana, mayi ndi mwana wawo ali kuchipatala, aphunzitsi ali ku maliro, ndinatseka ndi njerwa pobowoka pomwe nkhuku zimalowera, n'kutenga sipuleya. Ndinapopera kuyambira pakhonde mpaka pageti. Nditamaliza ndinatsuka zonse, kusamba, n'kukhala pampando ndi wailesi ngati munthu wosalakwa. Pulani yanga inali yoti mkazi wanga ndimuuza mawa lake, ndikapeza poyambira.

Poyambirapo sindinapapeze. Lachisanu mkaziyo analawirira ku ntchito yake yosoka ku Limbe, ine ndinapita kukameta ndi kukamva za mpira. Ndinabwerako dzuwa lili pamutu. Nditangolowa pageti ndinaona kuti luni yense wathyoledwa nsonga, mwaukhondo, ndi dzanja lodziwa ntchito. Fungo la nsinjiro linandichingamira pakhonde.

Patebulo panali mbale zovundikira ndi madzi osamba m'manja. Apongozi anakhala pamkeka pakhomo la kukhitchini, nkhope atayang'ana kumbali monga mwa masiku onse. Kenako analankhula, ndipo panalibe mwana wawo woti mawu adzere.

"Bambo, ndakutenderani luni. Idyani asanazizire."

Kanali koyamba kundilankhula ine mwini, koyambanso kundiphikira. Ndinakhala pampando n'kuvundukula mbale. Luni anali wooneka bwino, wanthunzi, ndi tomato pang'ono. Ndinaganiza zodya. Ndikunena zoona. Ndinawerengera kuti kabotolo kanali kakang'ono, ine ndine wathupi, ndipo chipatala sichili kutali kwenikweni. Ndinaganizanso zogwetsa mbale ngati mwangozi, koma mumphika munali mutatsala za iwo eni ndi za mwana wawo akaweruka. Pamenepo ndiye panalibe pothawira.

Ndinatsika pampando n'kugwada. Mawondo analira onse awiri.

"Amayi, mwalawako ndiwozi?"

"Ndangolawa mchere. Wachepa?"

"Ayi, amayi. Ndalakwa ine. Dzulo muli kuchipatala ndinapopera mankhwala pabwalo ponse. Masambawa ndi osadya."

Kunja tambala wa aphunzitsi ankalira pafupi ndi njerwa ija, kudabwa kuti njira yatsekedwa ndi ndani.

"Mankhwala a mbozi?"

"Ayi. A luniyo. Kuti afe."

"Anakulakwirani chiyani?"

"Amawononga kapinga."

"Kapingayo mumadya?"

"Ayi."

"Mbuzi muli nazo?"

"Ayi, amayi. Ndi wongoyang'ana basi."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono ngati munthu amene wauzidwa matenda a m'bale wake. Ndinawapempha kuti tithamangire kuchipatala chifukwa cha kulawa kuja. Anakana, anati mchere wa pansonga ya chipande sungaphe munthu amene anabereka kasanu ndi kamodzi. Tinadzapita nawobe madzulo mwana wawo atafika, ndipo anapezeka ali bwino.

Koma masanawo anangodzuka, kunyamula mphika, n'kundiuza kuti nditenge khasu. Tinapita kuseri kwa chimanga. Ndinakumba dzenje, iwo n'kunena kuti ndizamitse, nkhuku zingafukule. Anakhuthuliramo luni yense, wa mumphika ndi wa m'mbale yanga, mpaka kupala ndi chipande. Nsinjiro zake anali atasinja okha, mtedza wochokera kumudzi. Ndinakwirira.

Titaima pamenepo, anamasula mfundo ya pangodya ya chitenje chawo. Munali tinjere takuda, tating'ono, todzaza chikhatho cha mwana.

"Chaka chilichonse ndimamwaza izi pabwalo panu ndisanapite," anatero, maso ali pa chimanga. "Mwana wangayu ali wamng'ono ankakana ndiwo zonse, luni yekha ndiye ankadya. Nditamva kuti mwamumangira nyumba ndinabwera, n'kupeza kutsogolo kuli udzu. Ndinati mwamunayu nthaka ali nayo, mbewu ndiye alibe, koma kupempha akuchita manyazi."

Apumbwa a aphunzitsi aja anali ataima patsogolo panga atavala chitenje.

"Ndimabwerera mvula isanagwe, ndiye sindinaonepo ngati amamera. Ulendo uno nditalowa pageti n'kuona msinkhu wake, ndinati kani bamboyu amasamala. Ndinati ndimuphikire."

Mawu amenewo anandilasa. Kukanakhala bwino akanandilalatira, akanaitana aneba, akanandiponyera mphika uja. Chakudya chimene ndinachidikira zaka zonsezo ndinachipeza chifukwa cha kudwala msana, ndipo ndinali nditangochikwirira ndekha ndi khasu langa. Ndinachita manyazi oti sindinachitepo, ngakhale tsiku limene ndinagunditsa galimoto ya bwana pageti lake lomwe.

Anayamba kumanganso mfundo ija. Ndinatambasula manja onse awiri.

"Amayi, ndipatseni. Ndifesa ndekha."

"Nthakayi mwaidwalitsa. Mvula zitatu ziitsuke kaye, ndidzabwera nazo."

"Wogulitsa uja anati pakangotha milungu yochepa..."

"Wogulitsayo adzadye yekha."

Anamangitsa mfundo ndi mano.

Mkazi wanga atamva nkhani yonse sanakweze mawu. Ndinamufunsa ngati ankadziwa za njerezo. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Inu mumaganiza kuti pali mbalame imene imanyamuka ku Chiradzulu kudzafesa luni kuno?" Kwa sabata yathunthu ankandilankhula za mchere ndi sopo zokha. Aphunzitsi nawo sanandidzudzule. Anangondiuza pampanda kuti kwawo kwafika achule achilendo ambiri, ooneka otopa, ndipo nanzikambe sakuoneka.

Mankhwalawo anagwira ntchito, pamenepo wogulitsa uja sananame. Masamba onse anapiringizika n'kuuma, kapinga n'kutsala yekha, wobiriwira, wosalala, ngati wa ku Namiwawa weniweni. Anthu odutsa ankandiyamikira. Ine ndinayamba kukhala kuseri.

Chichokereni tsiku limenelo sindinapoperenso kanthu. Kabotolo ndinakakwirira kutali, sipuleya ndinabwereketsa kwa munthu amene sabweza zinthu. Njerwa ndinachotsa, nkhuku zikulowa monga kale, ndipo zitosi zake aphunzitsi amati ndi mphatso yawo kwa ine. Achule anabwerera mvula yoyamba. Chisoso ndi bonongwe zinameranso zokha, ndipo chikwakwa changa chimazilambalala. Nanzikambe anaonekanso pampanda, kapena ndi mwana wake, sitinamufunse. Luni yekha ndiye sanamere, ngakhale mmodzi. Mkazi wanga akuti tingogula mbewu kumsika tithane nazo. Ndakana. Si luni amene ndikudikira.

Mvula yoyamba ija isanagwe, apongozi anabwera monga mwa kale. Anayenda pabwalo ndi ndodo, kutokosa nthaka apa ndi apo, koma mfundo sanamasule. Yachiwiri ikuyandikira sanabwere. Miyendo yakana minibasi. Tinapita ndife, ndipo tinawapeza akuyenda kuchokera pakhonde kufika pamtengo wa mango n'kupuma, kenako kubwerera. Pakhondepo panali lichero la njere za luni zikuuma. Aonda kwambiri. Ndinaona, mkazi wanga nayenso anaona. Ndikuchita mantha, ndipo sindibisa.

Mvula ya chaka chino ndi yachiwiri. Sabata yatha anaimbira mwana wawo foni, ndipo atamaliza zawo anati andipatse ine. Anafunsa ngati kuno yagwa.

"Yagwa kwambiri, amayi. Mpaka milatho yakokoloka. Imeneyi mwina tingaiwerenge ziwiri."

Anaseka. Ndinali ndisanamvepo kuseka kwawo. Kenako kusekako kunasanduka chifuwa, anatsokomola nthawi yaitali, ine ndili chiimire pakhonde. Atapeza mpweya anati, "Imodzi, bambo. Osabera."

Sanadule foni, mwina anaiwala podina pake. Ndinakhala ndikumvetsera kupuma kwawo mpaka inaduka yokha.