Tsamba Limene Ndinakakonza ku Nairobi

Tsiku limene ndinavomera ntchito ya ku Nairobi, bambo anali akudulira mpanda wa maluwa ku Area 9, panyumba ya bwana wina wachimwenye amene anamugwirira ntchito kuyambira ine ndisanabadwe. Ife tinkakhala m'kanyumba ka kuseri. Ndinali nditamaliza maphunziro a makompyuta, koma m'maofesi a ku City Centre ankangondiitanira maprinta akafa. Nditawauza bambo, anaika sizasi pansi.

"Ukagwira ntchito yanji kumeneko?"

Ndinayesa kufotokoza. Kampaniyo inali ndi tsamba la pa intaneti loti eni mafamase aziodapo mankhwala. Pa tsambalo pankakumana nkhani zochokera mbali zitatu: mankhwala otsala kosungira katundu, mtengo wake, ndi pamene wafika wanjinga yamoto wokapereka. Chilichonse chinkasintha pa nthawi yakeyake, osadikira chinzake. Ine ndinayenera kuzilumikiza kuti wogula aziona chinthu chimodzi choona.

"Ndiye kuti ndiwe kalaliki," anatero bambo. "Pita. Kalaliki sapsa ndi dzuwa."

Ku Nairobi ndinapeza kachipinda kozizira pamwamba pa shopu ya matayala. Chiswahili changa chinkangokwana kugulira chakudya. Loweruka ndi Lamlungu ndinkatha osalankhula ndi munthu, mpaka ndikamapereka moni Lolemba mawu ankatuluka osasa. Malipiro akalowa, ndinkachotsa ya lendi ndi ya basi, zotsalazo n'kutumiza kwa amayi. Iwo ankayankha ndi uthenga wa mawu, wautali, wodzaza madalitso. Bambo ankangoikapo kamodzikamodzi: "Tili bwino kuno, gwira ntchito."

Ntchitoyo inandisautsa. Poyamba tsamba linkadikira kuti mbali zonse zitatu zilankhule, ndiye foni ya wanjinga ikataya netiweki, wogula ankangoona kagudumu kakuzungulira. Ndinalikonza kuti lisamadikire. Apo m'pamene panabuka vuto lalikulu. Munthu akasiya mankhwala ena n'kusankha ena, mtengo watsopano unkafika msanga, pamene nambala ya otsala inali idakali ya mankhwala akale. Zinkachitika kwa kanthawi ngati kuphethira kwa diso, koma anthu ankadina pomwepo, n'kulipira mankhwala amene kulibe. Madandaulo ankafika tsiku ndi tsiku.

Mkati mwa chipwirikiti chimenechi mlongo wanga Chisomo anandilembera kuti bambo agwa akuthirira kapinga, koma ndisadandaule, apumula. Ndinapita kwa Wanjiru, mayi amene ankatsogolera gulu lathu, kukapempha tchuthi.

"Ndikukumvetsa," anatero, "koma amene amadziwa kulumikiza kumeneku ndiwe wekha. Eni ndalama zoyendetsera kampani ino akubwera kudzaona tsambali. Likalephera, tonse tapita."

Chilolezo changa chokhalira m'dzikomo chinali chomangidwa ku ntchitoyo. Ndinaimbira amayi. Anati bambo akugona, ndipo ndisawononge ndalama ya ndege pa chizungulire chabe. Ndinabwerera pa desiki.

Vutolo ndinalithetsa. Ndinalemba kuti munthu akasankha mankhwala ena, zonse zakale zizitayidwa nthawi yomweyo, ndipo mtengo ndi nambala ya otsala zizionekera limodzi pokhapokha zikunena za mankhwala amodzi. Wanjinga yekha ndiye ankaloledwa kuchedwa. Madandaulo anatha. Wanjiru anandigulira tiyi. Sipanapite chaka, eni ndalama aja anachoka ndithu pa zifukwa zawo, kampani inatsekedwa, chilolezo changa chinathera pomwepo.

Sindinauze aliyense kuti ndikubwera, manyazi anandigwira. Nditafika ku Area 9 ndinagogoda pageti, ndipo anatsegula mlonda amene sindinamuonepo. Anati nyumbayo inagulitsidwa, achimwenye aja anatsatira ana awo kunja, za madala wa maluwa sakudziwa. Ndinaima pamsewu ndi chikwama changa, magalimoto akundithira fumbi.

Chisomo ndinakamupeza ku Old Town, m'shopu ya nsalu imene anayamba kugwiramo. Atandiona anagwira pakamwa. Anapempha kwa abwana ake, tinakwera minibasi mpaka pa chipinda chimodzi cha lendi kumene onse atatu ankakhala tsopano.

Bambo anali pampando panja. Mkono wamanja unali utagona pamwendo ngati si wawo, pakamwa patapotokera mbali imodzi. Sichinali chizungulire, inali sitiroko. Ndalama zimene ndinkatumiza ndi zimene zinkalipira chipindacho, mankhwala ndi munthu wowaongola miyendo.

"Bwanji simunandiuze?" ndinafunsa amayi.

"Ukanatani, mwanawe? Ukanabwera, tonse tikanangokhala pano kumayang'anana."

Ndinkadziwa kuti akunena zoona, ndipo sanadziwe kuti zimene ankaopazo zachitika kale: ntchito ija inali itatha.

Masiku ano ndimazungulira City Centre ndi laputopu kumsana. Ndikafotokoza zimene ndimadziwa, amagwedeza mutu mwaulemu, kenako n'kufunsa ngati ndingawaonere printa. Ndimaiona.

M'mawa uliwonse ndisanatuluke ndimawameta bambo ndevu, chifukwa dzanja lawo lamanzere silinazolowere lezala. Mawu awo amatuluka movutikira, limodzilimodzi, ndipo amayi ndi amene amawamva bwino. Sabata yatha ndikuwapukuta sopo, anandigwira dzanja mwamphamvu n'kuyamba kulimbana ndi lilime. Ndinawerama, ndikuganiza kuti akufuna madzi. Anabwereza katatu ndisanamve.

"Ubwerera liti ku Nairobi?"

Ndinayang'ana amayi kuti mwina ndamva molakwika. Iwo anali ataima pakhomo ndi beseni m'manja, nawonso akudikira yankho.