Alamu Anga Ndiwo Anandiphunzitsa Njinga Yamoto

Amuna anga atafa dzanja ndi mwendo wakumanja, chinthu choyamba kuchoka pakhomo pathu chinali njinga yamoto. Anaitenga ndi mng'ono wawo, alamu anga. Anabwera kudzazonda matenda, anakhala pamphasa n'kugwetsa misozi yeniyeni, koma pobwerera anabwerera atakwera njingayo. Akuti injini ikakhala osalira imachita dzimbiri. Ine ndinali ndi wodwala m'manja, wosatha ngakhale kumanga mabatani a malaya ake, ndiye ndinangowasiya apite nayo. Koma ndinaona.

Njingayo inachokera m'thonje ndi mtedza wa m'munda wa amayi anga. Amuna anga ndi mkamwini, kwawo ndi kutsidya kwa dambo, ndipo anabwera kudzakhala kwathu kuno kufupi ndi Sinda. Munda ndi wathu, thukuta linali la tonse awiri. Koma abale awo ankaziona mwina: woyendetsa ndi mwana wawo, ndiye njinga ndi yawo.

Kuchipatala ku Katete anatiuza kuti wodwala azibwera pafupipafupi, azidzawongoledwa mwendo ndi dzanja, komanso kudzatenga mankhwala a kuthamanga kwa magazi. Alamu analonjeza kuti ntchito imeneyo ndi yawo. Maulendo oyamba ankabweradi. Kenaka anapeza geni ku Vubwi, kunyamula katundu wa anthu amalonda cha kumalire, ndipo akapita ankatha masiku. Tsiku lachipatala ndinkawasambitsa amuna anga m'mamawa, kuwaveka malaya oyera a kutchalitchi, n'kuwakhazika pampando pansi pa mtengo wa mango kuti adikire. Ankakhala pamenepo mpaka mthunzi kuwachoka. Ulendo wina mankhwala anatheratu, alamu ali ku Vubwi. Ndinapsa mtima moti madzulo ake ndinapita kwa ankhoswe osatsuka n'komwe mbale.

Ankhoswe a mbali zonse ziwiri atakhala pansi, anagamula kuti njinga ibwerere kwa wodwala ngati pakhomo pali munthu woti aziyendetsa. Ana athu ali ku Lusaka, pakhomo panali ine ndekha. Ndinati ndiphunzira. Ena anaseka. Alamu sanaseke, anangoti, "Ngati ndi choncho, ndiwaphunzitsa ndine alamu angawa. Akatha kuyendetsa, njinga izigona kuno. Akalephera, musadzati ndine woipa."

Ankhoswe anawomba m'manja kuyamikira mtima wabwino. Ine ndinangoyang'ana pansi. Mphunzitsi wanga anali munthu yekhayo m'dziko muno amene akanapindula ine nditalephera.

Tinkaphunzirira pabwalo la mpira la pasukulu, dzuwa likapendeka. Tsiku loyamba anandisonyeza zonse pakamodzi, akulankhula mothamanga ngati wowerenga zolengeza kutchalitchi. Kachitsulo ka kudzanja lamanzere ndi kilachi. Chogwirira cha kumanja ukachipotoza, injini imawonjeza moto. Phazi lamanzere ndi la magiya, lamanja ndi la buleki ya kumbuyo. Atafika pa kachitsulo ka kudzanja lamanja anakamenya ndi chala n'kunena kuti, "Iyi ndi buleki ya kutsogolo. Iyi musaikhudze, alamu. Ikuponyani."

Anandipatsa chisoti chonunkha nsomba zouma, n'kundiuzanso kuti ndizivala thalauza la amuna anga mkati, chitenje ndizichipinda n'kukhalira. Poyamba ndinaganiza kuti akufuna amayi a kumpingo akandiseke. Koma ndinali nditaonapo ndi maso anga pamsika wa Katete mayi wina chitenje chake chitakodwa m'tayala la kumbuyo n'kumukokera pansi, ndiye thalauzalo ndinavala. Umu ndi mmene ndinkaphunzirira. Chilichonse chotuluka m'kamwa mwa alamu ndinkayamba ndachitembenuza kaye kuti ndione kunsi kwake.

Kilachi inandizunza. Ukaisiya msanga njinga imadumpha n'kuzima, ukachedwa nayo imangobangula osayenda. Koma manja amene amapeta ufa sangalephere kachitsulo, patapita masiku ndinaizolowera. Pamenepo m'pamene panabuka vuto lina. Ndikanyamuka bwinobwino, ndisanazungulire n'komwe bwalo, njinga inkayamba kutsokomola n'kuzima. Ndinkaponda kiki mpaka mwendo kuwawa, osalira. Alamu ankabwera mwachifatse, kundiuza kuti nditsike, kukhalapo iwo, kuwerama pang'ono ngati akukanda bondo, kuponda kamodzi, njinga n'kulira.

"Mwaona alamu? Njinga imadziwa mwini wake," ankatero mokweza kuti anthu oonerera amve.

Zimenezi zinachitika masiku angapo, ndipo ndinayamba kukhulupirira kuti mwina mutu wanga ndi wouma. Tsiku lina anadutsa pabwalopo alangizi a zaulimi, mayi wa ku Katete amene amayendera minda ya thonje panjinga yakeyake yamoto. Anaima n'kumaonerera. Njinga itandizimira, iwo anafika msanga alamu asanafike.

"Amayi, manje petulo mwatsegula?"

Sindinadziwe chimene akunena. Anawerama n'kundisonyeza kampopi kakang'ono kunsi kwa thanki, pafupi ndi bondo. Kanali kotseka. Njinga inkangoyendera petulo wotsalira m'njira, akatha n'kuzima. Alangiziwo anakatsegula, ndinaponda kiki, ndipo ndinazungulira bwalo lonse osazima. Pobwerera ndinaima ndi buleki ya kuphazi yokha, njinga ikukhwekhwereza tayala, iwo n'kupukusa mutu.

"Nanga ya kutsogolo muisungira ndani? Ndiye imaimika njinga iyo. Muzigwira zonse ziwiri, pang'onopang'ono, osati kuikoka mwadzidzidzi. Pamchenga na pokhota m'pamene muzichenjera nayo. Pamtsetse muziika giya yaing'ono, injini izikugwirirani."

Atachoka ndinawayang'ana alamu. Sanachite manyazi ngakhale pang'ono. Anati kampopi amatseka nthawi zonse akatsika kuti petulo asadonthe, dzanja limangochita lokha, ndipo anaiwala kundiuza. Za buleki anati alangizi amayenda kwambiri pamsewu wa tala, koma kuno n'kumchenga, iwo anaonapo anthu akuthyoka mano chifukwa cha kachitsulo kameneko. Chondikwiyitsa n'chakuti mayankho onse awiri anali omveka. Munthu angathe kuiwala tsiku limodzi. Koma masiku onse aja, akuwerama ngati akukanda bondo, anali kuiwalabe?

Nditayamba kuyenda bwino pabwalo, alamu anati ndisananyamule munthu ndiyambe ndanyamula thumba la chimanga. Anamangirira thumbalo kumbuyo n'kundilozera njira yotsikira kudambo. Ndinaganiza kuti asankha dala mtsetse woipa, koma kunena zoona njira yopita kumsewu waukulu ndi yomweyo, ina kulibe.

Pamtsetse pamenepo m'pamene manja anga anandigulitsa. Ine ndakulira panjinga yakapalasa, kuchigayo, kumsika, kumaliro, ndipo panjinga yakapalasa kachitsulo ka kumanzere ndi buleki. Thumba litayamba kundikankha kumsana, njinga ikuthamanga, sindinaganize chilichonse. Dzanja lamanzere linangofinya lokha mmene lakhala likuchitira kuyambira ndili mtsikana. Koma apa ndinafinya kilachi. Injini inasiya kugwira matayala, njinga inamasuka n'kuyamba kuthamanga kuposa poyamba. Ndinafinyitsitsa, ikuthamangirabe. Phazi linaiwala ntchito yake. Ndinakagwera pamchenga wa m'munsi, thumba linaphulika, ndipo paipi ya utsi inandiwotcha pakatumba.

Alamu anatsika akuthamanga. Anayamba adzutsa njinga, kenaka ine. Mwina ankaichotsa pamwendo panga, mwina ankaona ngati nyali yasweka, sindikudziwa. Anayang'ana chimanga chili mbwee pamchenga n'kunena motsitsa mawu kuti, "Zikanakhala kuti thumbali ndi akulu anga, bwenzi tikunena zina."

Mawu amenewo anandipweteka kuposa bala. Anandipweteka chifukwa anali oona. Koma ndikutola chimanga m'chitenje ndinakumbukira kuti alamuwa nawonso anakulira panjinga yakapalasa. Ankadziwa chimene dzanja lamanzere limachita munthu akachita mantha. Anandichenjeza za chitenje, anandichenjeza za chisoti, koma za ichi ayi. Kapena anandiuza tsiku loyamba lija akuthamangitsa mawu, ine osamva? Ndayesa kukumbukira, sizibwera.

Ndinapempha ankhoswe kuti njinga izigona kwathu mpaka tsiku lachipatala, ndipo anavomera. M'mawa uliwonse ndinkamangirira thumba n'kupita pamtsetse ndekha. Giya yoyamba, zala zamanzere zitakumbatira chogwirira osatambasuka, phazi likuponda pang'ono, zala zamanja zikufinya pang'ono. Ndinkatsika ndikudziuza mokweza kuti, "Manzere si buleki, manzere si buleki," amayi opita kumadimba n'kumaganiza kuti ndayamba kupemphera panjira. Ndinagwanso, koma mogwa mwaulemu. Kenaka ndinasiya kugwa.

Tsiku lachipatala alamu analawirira, atasamba, atatchena, chisoti china chili m'manja. Ankhoswe analipo, mchemwali wanga analipo, ndi anthu ena amene analibe chochita pakhomo pathu koma anapeza chifukwa chodutsira.

"Ndabwera ndiwatenge akulu anga," anatero alamu. "Alamu angawa ayesetsa, koma bala lija silinapole n'komwe."

Onse anatembenukira kwa amuna anga. Lilime lawo linali lolemera masiku amenewo, mawu ankatuluka movutikira. Anayang'ana mng'ono wawo, anayang'ana nsanza imene ndinamanga pakatumba. Kenaka anakweza dzanja lawo lamoyo n'kuloza ine. Ndinachita mantha kuposa pamtsetse paja.

Alamu sanatsutse. Anawanyamula akulu awo n'kuwakhazika kumbuyo kwanga, phazi lakufalo analiika bwino popondera. Popeza munthu wa dzanja limodzi sangagwire mokwanira, anatenga chitenje n'kutizunguliza tonse awiri, mmene timaberekera mwana, n'kumanga mfundo pamimba panga. Anaikoka, anaikokanso, n'kubwerera m'mbuyo.

Ndinayang'ana mfundoyo. Ndinaganiza za kampopi. Ndinaganiza za mtsetse ndi magalimoto akuluakulu a pamsewu wa ku Chipata. Ndiyeno, anthu onse akuona, ndinayamba kuimasula.

Inali yolimba moti zikhadabo zinalephera, mchemwali wanga anachita kuwerama n'kuikoka ndi mano. Panalibe cholakwika chilichonse ndi mfundo imeneyo, ndipo aliyense anaona kuti panalibe. Komabe ndinauza mchemwali wanga kuti amangenso. Alamu anatenga chisoti chimene anabwera nacho, anawaveka akulu awo, anamanga lamba kunsi kwa chibwano, n'kunyamuka wapansi kulowera kudambo osatsazika.

Tinatsika mtsetse uja ndi giya yoyamba, mpweya wa amuna anga ukundifunda pakhosi, dzanja lawo lamoyo litandigwira m'nthiti mpaka kuwawa. Zala zanga zamanzere sizinatambasuke. Patala ndinayendera m'mphepete, lole iliyonse ikadutsa mphepo yake inkatikankha, ine n'kumangoti Ambuye, Ambuye. Tinafika ku Katete anthu asanachuluke pamzere.

Kuyambira pamenepo sitinaphonyenso tsiku lachipatala. Mwendo unayamba kumvera, amuna anga anayamba kuyenda ndi ndodo, mawu anayamba kumveka. Anthu anasiya kundiseka, ena anayamba kundituma mchere ndi sopo ku Sinda. Koma alamu sanapondenso pakhomo pathu. Kutchalitchi ankakhala mbali ya abambo, potuluka ankalonjera akulu awo mwachidule n'kumapita. Ine ndinkati zili bwino choncho. Koma amuna anga ndinkawapeza atakhala pakhonde akuyang'ana kutsidya kwa dambo.

Mvula itatha, tsiku lina ndikuwaveka nsapato, anati, "Munditengere kwa mng'ono wanga."

Ndinawatengera. Alamu anatuluka m'nyumba, anawatsitsa akulu awo, anandilonjera mwaulemu wonse, n'kulowa nawo mkati. Akazi awo anandiyalira mphasa, ine ndinati ndikhala pomwepa pamthunzi, pafupi ndi njinga. Ndili pamenepo ndinamva amuna anga akuseka m'nyumbamo, kuseka kokweza kumene sindinakumve chiyambire matenda. Ndinasangalala, ndiponso ndinachita nsanje.

Titatsala pang'ono kunyamuka alamu anatuluka, anazungulira njinga, ananjuta n'kukankha tcheni ndi chala. Inagwedera kwambiri. Analowa m'nyumba n'kubwera ndi sipanala.

"Tcheni yakhwepa, alamu. Ingakuvukireni panjira. Dikirani pang'ono ndikukungireni."

Ndinaiyang'ana tcheniyo. Inali yokhwepadi, ndinali nditayamba kale kuimva. Ndinayang'ana sipanala ili m'manja mwawo.

"Zikomo alamu," ndinatero. "Ndikakungitsa ku Sinda."

Anaima pomwepo, sipanala ili m'manja, ife n'kunyamuka. Njira yonse tcheni inkagunda, khwa, khwa, khwa, ndipo ndinkayenda pang'onopang'ono kuti ingavuke. Titawoloka dambo, amuna anga anasendeza mutu pafupi ndi khutu langa, zisoti n'kugundana.

"Kukunga tcheni ndinamuphunzitsa ndine," anatero.

Ndinaika giya yoyamba n'kuyamba kukwera mtunda.