Ola la ku Mchinji

Ndili mu giredi teni ndinali mtsikana woti aphunzitsi akamaitana mayina, mnzanga wapambali ndiye ankandiyankhira kuti ndilipo. Zolankhula zanga zonse zinkathera m'kabuku ka chikuto chobiriwira komwe ndinkalembamo zochitika za tsiku ndi tsiku. M'menemo ndinali wolimba mtima zedi. Ndinkayankha aliyense, ngakhale ahedi.

Teremu yachiwiri, madamu otiphunzitsa kompyuta anaika pulogalamu ina mu laputopu ya sukulu. Ukalemba manambala awiri osonyeza pamene malo ali pa mapu, inkakuuza kuti malowo amatsatira nthawi ya kuti, popanda intaneti. Madamu anakondwa nayo chifukwa kusukulu kwathu intaneti inkabwera mwa apo ndi apo. Anasankha ine kuti ndidzaionetse pa tsiku la makolo. Ndinafuna kukana, koma kukana kumafunanso kutsegula pakamwa, choncho ndinangovomera ndi mutu.

Laputopu inali imodzi, ife ambiri, aliyense mphindi zochepa. Nthawi yanga itakwana ndinalemba manambala a kwathu ku Chipata, pulogalamu inayankha kuti Lusaka. Ndinalemba a Mchinji, kuseri kwa malire a Mwami, inayankha kuti Blantyre. Mayina awiri osiyana! Sindinadikire kuona maola ake, popeza wakumbuyo kwanga anali atayamba kale kutsokomola mwadala. Ndiponso ndinaona kuti n'zodziwikiratu. Ukawoloka pa Mwami ndalama zimasintha, foni imasintha netiweki, apolisi amasintha yunifomu. Nanga nthawi ingatsale bwanji? Ndinalemba m'kabuku, n'kudula mizere iwiri pansi pake: "Malawi ali kum'mawa, ndiye ali patsogolo ndi ola limodzi." Atate anga ndi kalaliki wolemba mapepala a katundu pa Mwami pomwepo, koma sindinawafunse. Ndinati za kompyuta angazidziwe bwanji.

Sabata yonse ndinkayeserera mawu anga kuseri kwa nyumba, nkhuku zikundimvera mwaulemu.

Tsikulo holo inadzaza. Zolemba za pa laputopu zinkaoneka pakhoma, zilembo zikuluzikulu. Ndinagwira maikolofoni ndi manja awiri.

"Makolo athu, kuno ndi teni koloko. Tsopano tiwoloka malire. Ku Mchinji ndi leveni koloko."

Ndinadina. Pakhoma panalembeka teni koloko. Ndinadinanso. Nthawi inasunthadi, koma ndi mphindi imodzi yokha, imene inali itadutsanso ku Chipata konkuno.

Mayi wina wogulitsa zitenje, amake a mnzanga wa m'kalasi, anaimirira. "Mwana wanga, ine ndimawoloka pa Mwami katatu pa sabata. Ola limenelo likanakhalako bwenzi nditalibweretsa kalekale, ndizigonako pang'ono!"

"Mwina mumaliiwala m'minibasi, amake mwana!" anakuwa bambo wina kumbuyo.

Holo yonse inafa ndi phwete. Atate anawerama n'kumayang'ana nsapato zawo. Ndinaona madamu akudzuka kuti adzandilande maikolofoni, ndipo ndinadziwa kuti ndikangowapatsa, ndiye kuti kulankhula pagulu kwathera pomwepo mpaka kumaliza sukulu. Sindinawapatse.

"Makinawa akunena zoona," ndinatero. Mawu anatuluka aakulu moti ndinadzidzimuka nawo ndekha. "Wolakwitsa ndine. Ndinaona mayina asiyana, ndiye ndinangoganiza. Sindinafunse aliyense."

Kuseka kunachepa. Madamu anaima pakati pa njira. Bambo anakuwa uja, amene pambuyo pake ndinamva kuti amayendetsa thiraki, anakweza dzanja ngati mwana wa sukulu.

"Iwe mwana, tayesa Tunduma wa ku Tanzania, kutsidya kwa Nakonde. Ine ndinapezako ofesi atatseka, wotchi yanga ikuti nthawi ikadalipo."

Ndinatsegula atilasi, buku la mapu, chala chikutsata mizere. Ndinalemba manambala pang'onopang'ono, ndikuwatchula mokweza kuti ndikalakwitsanso wina andigwire msanga. Pakhoma panatuluka leveni koloko.

"Mwaona! Ndinkawauza abwana anga, sanandikhulupirire!" anafuula bambo wa thiraki uja. Anthu anaomba m'manja, ngakhale ndikukhulupirira kuti ambiri ankaombera adalaivalawo.

Kenako aliyense anafuna kuti ndiyese dera lake. Wina ali ndi mwana ku Joni, wina mlongo wake ndi nesi ku Mangalande, agogo ena anaumirira kuti ndiyese Madzimoyo ngakhale anachokera konko m'mawa womwewo. Ndinayankha onse, mmodzimmodzi, mpaka madamu anadzandinong'oneza kuti akwaya atopa ndi kuimirira pakhomo kudikira kuti aimbe.