Batani la a Chirwa

Ntchitoyi ndinaipeza chifukwa chosowetsa anthu mtendere. Mataipilaita amene ndinkakonza pafupi ndi msika waukulu anatha, ndiye ndinkangokhala pakhonde ku Msongwe kumaseka akabaza odutsa. Tiwonge, mwana wa mlongo wanga, anatopa nane. "Asibweni, zala zanu zikadali zamoyo. Mawa mubwere kuofesi."

Kampani yake ndi ya chipinda chimodzi, imasamalira maseva, makompyuta akuluakulu osungira zinthu za masukulu ndi mashopu. Ndinafika ndi sikuludiraiva m'thumba, koma seva sindinaione ngakhale imodzi. Akuti ali kunja kwa dziko, timachita kubwereka pa intaneti. Ife timangolemba m'fayilo kuti tikufuna seva yotere, nkhokwe ya deta yotere, kenako pulogalamu ina imawerenga fayiloyo n'kumanga. Mmisiri wosatuluka thukuta! Ine wa Fomu 1 ndinangomutcha Kapitawo.

Vuto lake, Kapitawo amakalamba msanga kuposa ine. Eni maseva sachedwa kutulutsa zatsopano, ndipo iye sazidziwa mpaka titamukweza veshoni. Ndiyo inali ntchito yanga Lolemba lililonse: kuwerenga zimene alengeza, kusintha nambala ya veshoni, n'kuyendetsa pulani. Pulani imaonetsa zimene Kapitawo akufuna kuchita. Mzere wobiriwira ndiye kuti amanga, wofiira agwetsa. Batani lomulola kuyamba ntchito ankadina Tiwonge yekha.

Tsiku lovuta linali lotsekera sukulu. A Chirwa, ahedi a sukulu ina ya pulaiveti ku Zolozolo, ankafuna seva yoonjezera kuti makolo aone zotsatira za mayeso pafoni madzulo ake. Nditayendetsa pulani, mzere wofiira uwu, pa nkhokwe yomwe munali magiredi a ana onse. Kapitawo ankafuna kuigwetsa amange ina yopanda kanthu.

Tiwonge anaimba foni. "Adada Chirwa, mwagwira chiyani?"

"Ine? Palibe, amama. Ndinangoona batani latsopano lowonjezera liwiro pa tsamba la seva ya sukulu yathu, ndiye ndinadina."

Ndinasendera pafupi ndi foniyo. "Aphunzitsi, ana akagwira zosawatuma mumawapatsa chibalo. Nanga inu akupatsani ndani?"

Sanaseke. Makolo anali atayamba kale kuwavutitsa.

Batanilo linasintha nkhokweyo kukhala ya mtundu watsopano, umene Kapitawo wathu sankauzindikira. Kuti tionjezere seva, ankayenera kudutsa pomwepo. Tiwonge anayamba wakopera magirediwo pambali. Ine ndinatenga pa intaneti veshoni ya Kapitawo imene inangotuluka kumene, koma inabwera ndi kalembedwe kake, moti fayilo yathu inakanidwa. Tinakhala moyandikana, ine kuwerenga malangizo mokweza ndi Chingerezi changa chotsimphina, iye kukonza mzere ndi mzere uku akundiseka katchulidwe. Pulani ikafiira, tinkabwereza. Chipisi chimene tinaitanitsa chinazizira m'pepala momwemo.

Dzuwa litapendeka, kufiira kunachoka. Panatsala mzere umodzi wobiriwira. Tiwonge anandikankhira kiyibodi. "Dinani ndinu, Asibweni."

Ndinadina ndi chala chomwe chija chinkamenya taipilaita mopanda chisoni. Posakhalitsa a Chirwa anaimbanso: "Yewo chomene, adada. Chibalo chija ndavomera."

Chimene ndinasunga n'chakuti Kapitawo safunsa. Chimene sakuchidziwa amagwetsa, ndiye Lolemba sindijomba kumuphunzitsa zatsopano, ndipo sindidina kanthu ndisanawerenge pulani. Akazi anga akuti nanenso ndikufunika veshoni yatsopano. Ndinawauza kuti ayambe aona pulani, mwina muli mzere wofiira.